Chibaba chili ndi wotchi yake

Azakhali,
Pa Nyuwere ndinalumbira kuti mowa ndasiya, koma malipiro a Januwale atangolowa ndinapezeka ndili pa bawa. Abusa akuti ndisale kudya, mnzanga akuti kuli mapiritsi, mayi akunyumba akuti ndingolimba mtima. Ndimvere ndani?
Waludzu, Ndirande

Iwe Waludzu,
Malumbiro a pa Nyuwere ndimawadziwa, munthu amalumbira ali ndi matsire, m'thumba muli mbee. Kulimba mtimako kumagwira ntchito m'mawa. Nanga 5 koloko madzulo, ukudutsa paja anzako amakutchula kuti "bwana"? Chibaba chili ndi nthawi yake ndi malo ake. Chimakwera, kenako n'kutsika chokha, kawirikawiri ola lisanathe. Ndiye sintha njira yoweruka nayo, ndipo malipiro azifikira m'manja mwa mayi akunyumbawo. Usandikwinyire nkhope.

Kupemphera pemphera ndithu, koma abusawo uwauze kuti zosala kudya zidikire kaye. M'mimba mukakhala mopanda kanthu chibaba chimalusa.

Mapiritsi alipodi. Naltrexone amachepetsa chibaba, pomwe disulfiram amakulanga ukangolawa: nkhope kutentha, mtima phaphapha, kusanza. Wolemba ndi dokotala, osati mnzakoyo. Komanso piritsi silingakusankhire anthu ocheza nawo.

Ine mtima wanga uli pa njira ya zidakwa ziwiri za ku America, Bill Wilson ndi Dr Bob Smith, zomwe zinayambitsa Alcoholics Anonymous ku Akron, Ohio, mu 1935. Zinaona kuti chidakwa chimamvera chidakwa chinzake, poti mabodza onse chimawadziwa. Kumeneko salumbira za chaka chonse ngati iwe, amangoti lero lokha sindimwa. Peza wina amene anasiya, uzimuimbira botolo lisanatsegulidwe, osati litafika pakati.

Apa pokha sindikuseka, mwanawe. Ngati m'mawa manja amanjenjemera mpaka utamwako, usasiye mwadzidzidzi uli wekha kunyumba. M'masiku awiri kapena atatu oyambirira munthu amatha kugwa ngati wakhunyu, kuona zinthu zoti palibe, ngakhale kufa kumene. Pita ku chipatala cha Queens akakuone, sipatali ndi kwanuko. A ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ali ndi St John of God.

Ukaterereka tsiku lina, usadikirenso Nyuwere ina. Ndipo ngongole yako ya pa bawa ukaitumize ndi mayi akunyumba, ndikudziwa kuti umafuna kukalipira wekha.
Azakhali