Ndege za Majeremani ndi Marupiya ku Mzimba: Mafunso ndi Mayankho

Kabuku aka talemba ndife aphunzitsi a mbiri m'sukulu za sekondale kuno ku Mzimba. Chaka chilichonse ophunzira ndi makolo amatifunsa za mphekesera yoti woyendetsa ndege wa Chijeremani anagwa m'mapiri athu ali ndi bokosi la marupiya. Tayankha kuti wina asataye chuma chake pachabe.

Kodi oyendetsa ndege zankhondo oyambirira a ku Germany anali ndani?

Otchuka anali Max Immelmann ndi Oswald Boelcke, omwe mu 1915 ankayendetsa ndege za Fokker zokhala ndi mfuti yowombera kutsogolo. Immelmann anafa mu June 1916. Boelcke anagwetsa ndege 40, naphunzitsa Manfred von Richthofen, ndipo anafa pa 28 October 1916 ali ndi zaka 25, ndege yake itagundana ndi ya mnzake. Pa Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse, iwo anamenyera mumlengalenga mwa France.

Kodi mmodzi wa iwo anafika ku Mzimba?

Ayi. Ndege zawo zinali zazing'ono, zokutidwa ndi nsalu, za munthu mmodzi, ndipo mafuta ankatha pasanakwane maola awiri. Malo a bokosi la ndalama munalibe. Asilikali a Chijeremani otsogozedwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck, omwe ankamenya nkhondo m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, analibe ndege zotere. Ndege imodzi yomwe woyendetsa ndege Bruno Büchner anafika nayo ku Dar es Salaam inawonongeka mu 1914. Chibaluni chachikulu cha Zeppelin chomwe chinanyamuka ku Bulgaria mu November 1917 kukasiyira asilikaliwo katundu chinabwerera chili ku Sudan.

Nanga nkhondoyo inatikhudza bwanji kuno?

Inayenda pansi ndi panyanja. Mu August 1914 sitima ya Angerezi ya Gwendolen inawombera sitima ya Majeremani yotchedwa Hermann von Wissmann, ndipo mu September Majeremani anagonja ku Karonga. Chomwe chinalowa m'midzi ya ku Mzimba ndi tengatenga. Amuna pafupifupi 200,000 a mu Nyasaland anasenza ufa, mpunga ndi zipolopolo pamutu kupita kunkhondo, ndipo ambiri anafa ndi matenda ndi njala. Mu 1915 Inkosi ya Makosi Chimtunga Jere inakaniza anthu ake kupita ku tengatenga. Atsamunda anaichotsa pampando n'kuitumiza ku Chiromo, ndipo inabwerera mu 1920.

Ndiye kuti marupiya ndi bodza?

Marupiya analipodi. Inali ndalama ya Majeremani ku East Africa, yasiliva, yokhala ndi mutu wa mfumu Wilhelm II. Mu 1916 ku Tabora anasulanso ndalama yagolide ya marupiya 15, yojambulidwa njovu. N'kutheka kuti ena obwera ku tengatenga anafika nayo imodzi kapena ziwiri atamanga pansalu. Koma rupiya ndi ndalama chabe. Siikoka mpunga kapena lezala, siizimitsa foni, siichiza matenda. Wokuonetsani zoterezi mumuyang'anitsitse m'manja, chifukwa kawirikawiri amabisa maginito.

Ndili nayo imodzi. Kodi ndingalemere nayo?

Sitingalonjeze mtengo. Zimadalira chaka chomwe inasulidwa, mmene yasungikira, komanso ngati ili yeniyeni, poti zachinyengo zachuluka. Marupiya wamba asiliva nthawi zambiri sagulidwa mamiliyoni omwe anthu amatchula pamsika wa Jenda.

Wina akuti ndipereke ndalama yoti akumbire bokosi, tidzagawana. Ndipereke?

Tikulangizani kuti musapereke. Nkhani zotere zimayenda mofanana. Poyamba akuti pakufunika ndalama ya makina opimira, kenaka ya mbuzi yopepesera mizimu, kenaka yoyendera bwana wogula yemwe safika. Mukadzidzimuka, ng'ombe yatuluka m'khola ndipo foni ya munthuyo siikupezekanso. Mukakayika, uzani a mfumu kapena apolisi musanatulutse kalikonse.

Nanga ndikakumba ndekha?

Maenje akuya amatha kugumukira munthu, makamaka nthawi ya dzinja. Malamulo oteteza zinthu zakale amafunanso chilolezo cha boma, ndipo wokumba pamanda kapena pamalo a mbiri akhoza kuimbidwa mlandu.

Ndapeza chitsulo chachilendo polima. Nditani?

Musachimenye ndi khasu, musachiike pamoto, musachigulitse kwa ogula zitsulo. Ikani chizindikiro, chotsani ana, kanenedi kupolisi. Mwina ndi chitsulo wamba, koma chipolopolo chakale chikhoza kuphulika.

Koma agogo ankanena kuti anaiona ndegeyo ndi maso. Ankanama?

Funso ili limabwera mobwerezabwereza. Sitikuti ankanama. Angerezi anali ndi ndege pankhondo ya ku East Africa, ndipo opita ku tengatenga ayenera kuti anaziona kumeneko. Zaka zotsatira ndege zinayamba kudutsanso kuno. Pofotokozerana pamoto, nkhani ziwiri zimasanduka imodzi.

Ngati kwanu kuli akuluakulu okumbukira dzina la kholo lomwe linapita ku tengatenga, lembani dzinalo, mudzi wake ndi zomwe ankasimba, mubweretse kwa mphunzitsi wa mbiri pasukulu yapafupi.