Musataye choko chifukwa cha pulojekita

Azakhali,

Ndine mphunzitsi wa fiziki pasukulu ina ya sekondale yoyendera, ndipo ndagwira choko zaka 22. Chaka chino tinalandira malaputopu ndi pulojekita, ndipo ahedi akuti tonse tiziphunzitsira zida za pa intaneti. Aphunzitsi achinyamata akumachititsa mipikisano ya mafunso pa Kahoot, ana n'kumaomba m'manja. Ine nditayesa, netiweki inathawa, ndinangoti kakasi pamaso pa ana a Fomu 3 iwo akuseka. Chiyambire tsikulo tulo sindikutiona. Kodi nthawi yanga yatha? Ndingopuma pantchito?

Mphunzitsi wosweka mtima, Ntcheu

Aphunzitsi,

Pepani ndi manyazi amene munakumana nawo. Kusekedwa ndi ana amene umawafunira zabwino kumalasa mtima. Koma za kupuma pantchitozo zichotseni m'maganizo. Chimene chinalephera tsiku lija ndi netiweki, ndipo netiweki si imene imaphunzitsa fiziki. Chida cha pa intaneti chili ngati khasu: chimalima bwino m'manja mwa munthu wodziwa munda wake, ndipo munda wa Fomu 3 mwaulima zaka 22.

Sikuti ndikungokutonthozani ayi, umboni ulipo. Dziko la Peru linagawira ana a sukulu malaputopu oposa 800,000 pansi pa ndondomeko ya One Laptop per Child. Akatswiri a Inter-American Development Bank atafufuza m'sukulu 319 za kumidzi, anapeza mu 2012 kuti patatha miyezi 15 ana anali akatswiri pa laputopu, koma pa masamu ndi kuwerenga sanapose anzawo opanda malaputopu. Makinawo anangofika m'manja mwa ana osalumikizidwa bwino ndi zimene aphunzitsi ankaphunzitsa. Kuno kwathu zinayenda mosiyana. Mu 2013, pasukulu ina ya pulayimale mu Lilongwe, Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham anagawa ana m'magulu atatu: ena ankachita masamu pa tabuleti ya bungwe la onebillion kwa mphindi 30 patsiku, ena ankagwira tabuleti yopanda masamuwo, ena ankaphunzira monga mwa nthawi zonse. Patatha masabata asanu ndi atatu, gulu loyamba ndi limene linapita patsogolo kwambiri pa masamu. Tabuleti payokha sinathandize. Chinathandiza ndi chakuti maphunzirowo anali m'Chichewa, ankatsata silabasi yathu, ndipo mwana akalakwa ankadziwa pomwepo n'kubwereza. Ndi pa maziko ngati amenewa pamene boma linayambitsa ndondomeko ya BEFIT mu 2023 yofikitsa matabuleti kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4.

Choncho funso lofunika pa chida chilichonse ndi ili: kodi chikumuonetsa mwana chinthu chimene bolodi singamuonetse, kapena chikukuuzani inu msanga pamene mwana wasokera? Ngati sichikuchita chimodzi mwa ziwirizi, n'chidole chabe. Pa phunziro lanu pali PhET, zoyeserera za sayansi zaulere zimene anayambitsa mu 2002 Carl Wieman, katswiri wa fiziki amene analandira mphoto ya Nobel, ku University of Colorado Boulder. Tengani mutu wa magetsi. Pakhoma pakuoneka batire, mawaya ndi mababu awiri olumikizidwa mwa series. Musanakhudze kanthu, funsani ana kuti mukachotsa babu limodzi, linalo litani. Aliyense alembe yankho m'kope, akangane awiriawiri, kenako muitane mtsikana wina wa kumbuyo adzachotse babulo. Linalo lazima. Lumikizani mwa parallel, mufunsenso. Pamenepo kalasi yonse iona ndi maso zimene labu yopanda zipangizo yakhala ikuwamana. Koma wodziwa funso loyenera, wodziwanso kuti ana ambiri amaganiza kuti magetsi amathera m'babu loyamba, ndinu. Nzeru imeneyo laputopu ilibe.

Mwina munena kuti netiweki idzathawanso, magetsi adzazimanso, ndipo bandulo ndi yodula. Zoona zimenezo, n'chifukwa chake simuyenera kumanga phunziro lonse pa intaneti. Zoyeserera za PhET zimatheka kuzikopera mu laputopu pamene netiweki ili bwino, n'kudzazigwiritsa ntchito popanda intaneti. Yesererani madzulo muli nokha, tchajani laputopu, ndipo choko chikhale m'thumba kuti zikavuta mujambule pabolodi phunziro lipitirire. Mwinanso munena kuti ana ndi achinyamata aja amadziwa makina kuposa inu. Asiyeni adziwe, ndipo kudziwa kwawoko kukupindulireni. Sankhani ophunzira awiri azilumikiza pulojekita inu mukulemba mutu wa phunziro. Pemphani mphunzitsi mmodzi wachinyamata akhale nanu ola limodzi pasabata; iye akuonetseni mabatani, inu mumuonetse mmene amafunsira funso loti mwana aganize. Paja safunsa anadya phula, ndipo kufunsa wamng'ono sikuchotsa ulemu wa wamkulu.

Palinso nkhawa imene mwina simunaitchule, yoti ana adzakonda anzanuwo kuposa inu chifukwa makalasi awo muli chimwemwe. Chimwemwe m'kalasi n'chabwino, ndipo mpikisano wa mafunso umathandiza kubwereza zimene ana aphunzira kale. Koma mafunso oyankha mothamanga amapatsa mphoto wa chala chofulumira, pamene mayeso a MSCE amafuna mwana wotha kufotokoza chifukwa chake. Kuomba m'manja sikutanthauza kuti mwana wamvetsa. Ngakhale lipoti la UNESCO la 2023 lokhudza zipangizo zamakono m'sukulu linachenjeza kuti zida zizithandizira mphunzitsi, zisalowe m'malo mwake.

Kaonaneni ndi ahedi mwaulemu, muwauze kuti teremu ino muyamba ndi chida chimodzi pa mutu umodzi, ndipo mudzawaonetsa mmene ana akhozera mayeso a mutuwo. Ana amene anaseka aja adzaiwala msanga za netiweki, koma babu lozima pakhoma lija adzalikumbukira m'chipinda cha mayeso. Bwererani m'kalasi Lolemba, aphunzitsi, ana a Fomu 3 akukudikirani.

Ndine Azakhali anu