Mbalame yoomba mapiko: kuizindikira ndi kulemba dzina lake

Mvula ikayamba, lawirirani kupita m'mphepete mwa dambo kapena m'tchire la miombo momwe mitengo ili patalipatali. Yambani ndi makutu, maso abwere pambuyo. Mudzamva m'mwamba kuti prrrt, prrrt, prrrrt, kenako zii. Si nyimbo ya pakhosi imeneyo. Ndi mbalame yaimuna ikuomba mapiko mofulumira pokopa yaikazi ndi kuchenjeza anzake kuti malowo ali ndi mwini. Mabuku a Chingerezi amaitcha flappet lark.

Mukamva, musathamangire. Imani chilili, muitsate ndi maso mpaka itatsika, chifukwa ikangotera muudzu imasowa: nthenga zake n'zofiirira ngati dothi la katondo, zamawangamawanga pamsana. Ndi yaing'ono, masentimita 14 kapena 15. Imayenda pansi, ndipo chisa chake chaudzu imamanganso pansi.

Apa m'pamene ambiri amasokonezeka. M'malo omwewo mumakhala mbalame zotchedwa pipit, zofanana nayo kwambiri. Yang'anani mlomo ndi mchira. Pipit ili ndi mlomo wowonda, thupi lalitali, ndipo kawirikawiri imagwedeza mchira. Yathuyi ndi yonenepako, mlomo wake wokhuthala. Ngati simunaone bwino, musalembe dzina. Kulibwino kusiya mpata m'kope kusiyana ndi kulemba bodza.

Mukatsimikiza, ikani mbalameyi pamalo pake. Ili m'gulu lalikulu la Passeriformes, mbalame zotera panthambi, m'banja la Alaudidae. Dzina lake lasayansi ndi Amirafra rufocinnamomea. Liwu loyamba lili ngati mfunda, ndipo limayamba ndi chilembo chachikulu; lachiwiri ndi la mtundu wake wokha, limayamba ndi chaching'ono, ndipo m'Chilatini limanena za kufiirira kwa nthenga. Polemba pamanja, jambulani mzere kunsi kwa mawu awiriwo. Anaipatsa liwu lachiwirilo ndi katswiri wa ku Italy, Tommaso Salvadori, m'chaka cha 1865.

Buku lanu likakhala lakale mudzapeza Mirafra rufocinnamomea. Musalitaye, mbalame ndi yomweyo. Akatswiri atayeza DNA anaona kuti mbalame zomwe zinaunjikidwa mu Mirafra si zapachibale chenicheni zonse, choncho anazigawa.

Pomaliza lembani tsiku, malo ndi zomwe inkachita. Ndipo chonde, mukapeza chisa pansi, musakhudze mazira, muuzenso ana oweta ng'ombe kuti asiye legeni.