Luso la Mwana Limasankhidwa ku Fomu 3

Phunziro la lero tikulitenga kwa anzathu a tiyi ku Thyolo.

Ku maesiteti monga Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba, ntchito yothyola tiyi imachuluka nthawi ya mvula. Mvula ikatha, ambiri amauzidwa kuti akadikire kunyumba. Otsala pa ntchito ndi aluso: okonza makina a m'fakitale, amagetsi, makalaliki, oyendetsa mathirakitala. Izi si zachilendo kwa ife. Mwera ukawomba alovi amakhala pagombe manja ali m'khosi, koma wokonza injini za maboti ntchito simuthera.

M'boma lomwelo, ku Ndata, kuli yunivesite ya MUST yomwe inatsegulidwa mu 2014. Mwana wa wothyola tiyi angathe kukulira pafupi nayo koma osalowamo. Kuti mwana asankhidwe ku yunivesite ya boma kudzera ku NCHE, pamafunika makirediti 6 pa MSCE, Chingerezi chikhalepo. Wofuna uinjiniya ayenera kukhoza masamu, fizikisi ndi kemisitiri, ndipo maphunziro amenewa mwana amawagwira kapena kuwataya polowa Fomu 3. Apa ndi pamene makolofe timagona. Mwana amasiya sayansi chifukwa anzake akuti njovuta, ife osadziwa, n'kudzadzidzimuka zotsatira za MANEB zitatuluka.

Ana ndi amana yomwe Allah watisungitsa, ndipo tidzafunsidwa. Tsono mwana akalemba JCE, bambo kapena mayi apite okha kwa ahedi, akafunse maphunziro omwe iye akulimba nawo ndi komwe angamufikitse. Simukusowa Chingerezi kuti mufunse zimenezi. Sukulu ikatsegulira, mnyamata asagone pa chilimira usiku wonse n'kumayembekeza kuti mawa amva masamu. Mtsikana naye asathere masiku akuyanika usipa pa thandala. Madrasa asasiye, nthawi ilipo pambuyo pa Asr.

Yunivesite si ya onse, ndipo palibe manyazi pamenepo. Ku Mpwepwe, Mangochi, kuli koleji ya za nsomba. Ku Salima ndi ku Nasawa kuli makoleji a ntchito zamanja, komwe amalowa kudzera ku TEVETA. Wosankhidwa ku yunivesite angapemphe ngongole ya boma ya ophunzira, koma mafomu ake ali ndi tsiku lotsekera. Muzifunsa aphunzitsi msanga.

Lachisanu likudzali, Insha Allah, makolo a ana a Fomu 2 atsalire pang'ono pambuyo pa Jumu'ah, abwere ndi malipoti a temu yatha.