PHUNZIRO LA AMAI: ZA KULEKA KUSAMBA

Nkhani iyi ambiri aicitira manyazi, ndipo manyaziwo aika amai ena m'manda nthawi yao isanakwane. Cifukwa cace odziwa kuwerenga awerengere anzao pa msonkhano wa Cigwirizano.

1. Nyengo yace. Akazi ambiri aleka kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55. Saleka tsiku limodzi ai. Poyamba mwezi udumphadumpha, thupi litentha modzidzimutsa, thukuta lituruka usiku, ndi tulo tisowa. Izi zicitika popeza mazira a m'thupi la mkazi alinkutha. Si ufiti kapena tsempho. Tinena kuti waleka ndithu akatha miyezi 12 osasamba, koma isanakwane angathe kutenga pathupi. Woleka asanafike zaka 40 akaonane ndi dokotala.

2. Mwazi wocuruka. M'zaka zimenezi ena ataya mwazi wambiri. Muudziwe wopitirira muyeso potere: ukapyola masiku 7, ukadzaza nsaru pa ola limodzi kapena awiri, kapena ukaturuka wounjikana m'mibulu yaikuru. Kawirikawiri cocititsa ndico zotupa zomera m'ciberekero, zimene si khansa. Koma mwazi ukacepa m'thupi, mai afoka, acita cizungulire, mtima uguguda pokwera citunda, ndi zikhato ziyera. Wotere adye nyemba, ciwindi, nyama, usipa, bonongwe ndi nkhwani, pamodzi ndi malalanje kapena malambe. Asamwe tiyi pa nthawi ya cakudya, pakuti tiyi aletsa thupi kulandira bwino za m'cakudya zopanga mwazi. Ku cipatala kuli mapiritsi obwezera mwazi ndi mankhwala oucepetsa, ndipo zotupa zazikuru azicotsa. Mangani mfundo pa cingwe tsiku liri lonse la kusamba, kuti pofunsidwa ndi namwino muyankhe zoona.

3. Cenjezo lalikuru. Mwazi ukaonekanso caka citapita cilekere, ngakhale kadontho kokha, musati ubwana wabwerera. Momwemonso ukaoneka mutakhala malo amodzi ndi mwamuna wanu, kapena pakaturuka madzi onunkha. Nthawi zina ico ndico ciyambi ca khansa ya khomo la ciberekero, imene ipha akazi a m'Malawi koposa khansa zina zonse. Anamwino ayesa khomolo polipaka viniga, nchito ya kanthawi kocepa. Ndipo nthenda yopezeka msanga icizika. Pitani sabata lomwelo, musayambe mwataya miyezi ndi mbuzi zanu kwa woombeza.

Pa Marko 5 tiwerenga za mkazi amene anabvutika ndi mwazi zaka 12, natha cuma cace conse. Ambuye sanamcititse manyazi kapena kumpitikitsa. Tsono inunso amuna, musakwiyire akazi anu akafoka pa munda. Muwatengere khasu, muwaperekeze ku cipatala. Ndipo inu amai akuru, funsanani za izi mwacifundo, kuti wina asabvutike yekha kuseri kwa nyumba.