Kompyuta imodzi, makamanda awiri: kusewera Arma 3 banja lonse

M'nyumba zambiri zomwe muli masewero a Arma 3, munthu mmodzi ndi amene amakhala pa kompyuta, akukwawa m'thengo ndi kagulu kake ka asilikali 8, enawo ataima kumbuyo kudikira kuti aphedwe nawonso alaweko. Masewerowa anawapanga ndi a kampani ya Bohemia Interactive ya ku Czech Republic ndipo anatuluka mu 2013, cholinga chake chili choti munthu amve mmene msilikali wamba amamvera zipolopolo zikamalira. Koma mkati mwake muli zida zokwanira kuwasandutsa masewero a makamanda, aja osagwira mfuti, amene ntchito yawo ndi kuwerenga mapu ndi kutumiza malamulo. Mukatero kompyuta imodzi imakwanira anthu asanu, ndipo ngakhale amayi kapena amalume omwe zala sizinazolowere mabatani amatha kupambana.

Makolo adziwiretu kuti ku Ulaya masewerowa anawaika m'gulu la a zaka 16 kupita m'mwamba. Njira yomwe ndikufotokozayi ili ndi ubwino wakuti amene amaona sikirini ndi munthu mmodzi yekha. Ameneyo akhale wamkulu.

Nzeruyi ndi yakale. Mu 1824, msilikali wina wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu ake masewero otchedwa Kriegsspiel. Mbali ziwiri, yofiira ndi yabuluu, zinkalemba malamulo papepala n'kupereka kwa woyimbira, ndipo woyimbirayo ndi amene ankasuntha tizidutswa toimira asilikali pa mapu n'kuuza mbali iliyonse zokhazo zomwe asilikali ake akanaona. Ife tikungobwereka dongosolo lomwelo, kusiyana kwake n'kwakuti kuwerengera amene wawombera mnzake tikusiyira kompyuta.

Woyimbira atsegule Eden Editor, malo okonzera nkhondo m'masewerowa, n'kusankha chilumba cha Stratis. Musathamangire Altis. Altis ndi wa masikweya kilomita 270 pamene Stratis ndi wa 20 okha, ndipo pa chilumba chachikulucho asilikali oyenda pansi atha usiku wonse asanakumane, laputopu nayo ikutentha. Aike munthu wamba mmodzi kutali ndi kunkhondo, amupatse dzina pa malo olembedwa Variable Name, kenako aike chida chotchedwa Game Master n'kulemba dzina lomwelo pa Owner. Masewero akayamba, batani la Y limatsegula chida cha Zeus, chomwe chinabwera mwaulere mu 2014. M'menemo woyimbira amaona chilumba chonse kuchokera kumwamba, amaika magulu a asilikali, ndipo akasankha gulu n'kudina pansi ndi batani lakumanja la mausi, gululo limanyamuka kupita pamenepo. Poyamba aike magulu anayi a NATO ku Agia Marina ndi anayi a adani awo, a CSAT, ku Girna, onse akulimbirana Air Station Mike-26 yomwe ili pamtunda pakati pa chilumbacho. Akasinja ndi ndege zidikire kaye.

Makamanda awiri akhale m'zipinda zosiyana, wina pabalaza wina kukhitchini kapena pakhonde. Aliyense akhale ndi mapu a papepala. Mutha kujambula mapu a pa sikirini ndi foni n'kukasindikiza kumalo opangira fotokope, kapena mwana wodziwa kujambula akope misewu, mapiri ndi manambala a m'mbali pa pepala lalikulu. Manambalawo ndi ofunika kwambiri chifukwa ndi amene aziloza malo. Zitsekerero za mabotolo ziimire magulu anu, nyemba ziimire pomwe mukuganizira kuti pali mdani. Ana aang'ono akhale amithenga onyamula timapepala, ntchito yomwe amaikonda kuposa mmene mungaganizire.

Tsopano pa malamulo ndi pomwe pagona nkhani. Ukamanda sumabwera chifukwa choti mwapatsidwa asilikali ambiri. Umabwera mukalandidwa zinthu zitatu: mfuti, maso oona paliponse, ndi mphamvu yoti mukalankhula zichitike pompo. Pa bawo mumaona nkhomo zonse, zanu ndi za mnzanu, ndipo nzeru yake imakhala kuwerengera. Pano mnzanu simukumuona, ndipo ngakhale anthu anu omwe mumangodziwa pomwe anali mphindi zisanu zapitazo.

Choncho gawani nkhondo m'zigawo za mphindi zisanu. Woyimbira alole masewero ayende mphindi zisanu, awaimitse ndi batani la Esc, kenako alembere kamanda aliyense lipoti lalifupi. Lipotilo linene zokhazo zomwe asilikali akewo aona kapena kumva: "Gulu lachiwiri lafika pa mphambano. Lamva mfuti chakummwera. Mmodzi wavulala." Asalembe kuchuluka kwa adani ngati sanaonekere bwino. Gulu likathera pomwepo, woyimbira asanene kuti latha. Angosiya kulitchula, kamandayo adzifunse yekha chomwe chachitika.

Lamulo la kamanda lisapitirire mizere itatu, ndipo linene gulu lake, kopita, ndi chifukwa chopitira kumeneko. Chifukwacho musachisiye. "Pitani pa phiri" ndi lamulo losakwanira, pamene "pitani pa phiri kuti muteteze msewu wodzera gulu lachitatu" limathandiza woyimbira kudziwa chochita zinthu zikasintha, monga kusankha ngati gululo liyende mobisala kapena lithamange. Chinanso, lamulo lolembedwa tsopano ligwire ntchito chigawo chotsatira chikatha, osati pompo. Ambiri amadandaula ndi kuchedwa kumeneku tsiku loyamba, koma ine ndimati musakuchotse. Ndi komwe kumaphunzitsa munthu kuganizira patsogolo ndi kusunga gulu limodzi kumbuyo, loti lidzathamangire pomwe pavuta. Wotumiza magulu onse anayi kutsogolo amazindikira mochedwa kuti alibenso woti amutume.

Gwirizananitu za chipambano musanayambe, ndipo chisakhale kupha adani ambiri. Mbali yomwe yagwira Mike-26 pakatha zigawo 12 ndi yomwe yapambana, bola ngati sinataye asilikali oposa theka. Ndimalimbikitsanso kuti woyimbira aike anthu wamba m'midzi ya m'njira, ndipo kamanda amene asilikali ake apha munthu wamba alandidwe gulu limodzi. Eni masewerowa nawo anaiganizira nkhaniyi: mu 2017 anatulutsa gawo lowonjezera la Laws of War mogwirizana ndi bungwe la International Committee of the Red Cross, lonena za mabomba okwirira ndi malamulo a nkhondo. Wachinyamata amene wakakamizika kulambalala mudzi m'malo moombera m'katimo waphunzira kanthu kena koposa masewero.

Woyimbira asamakondere, ndipo asamakonze zolakwa za makamanda. Lamulo likakhala lolakwika nambala, asilikali apite komwe nambalayo yaloza.

Tsiku lomwe muli nokha, gwiritsani ntchito High Command. Mu Eden Editor ikani chida cha High Command - Commander, muchilumikize kwa msilikali wanu, ndipo masewero akayamba dinani Ctrl ndi Space pamodzi. Mudzayamba kulamula magulu athunthu pa mapu m'malo mwa msilikali mmodzimmodzi. Dziletseni nokha: kamanda wanu akhale m'nyumba ina kumbuyo, asawombere ngakhale kamodzi. Komabe sizifika pa kukoma kwa kulimbana ndi mchemwali wanu yemwe akukudziwani kuti ndinu wopupuluma.

Za intaneti musade nkhawa kwambiri. Kukopa masewerowa pa Steam kumadya bandulo yaikulu, choncho chitani zimenezo pomwe pali Wi-Fi, koma mukamaliza zonse ndafotokozazi zimatheka popanda intaneti. Magetsi akathima, woyimbira alembe pomwe gulu lililonse lili, mapu ndi zitsekerero zisiyidwe mmene zilili, mudzapitirize mawa.

Nkhondo ikatha, itanani makamanda onse pa sikirini, woyimbira awaonetse pomwe aliyense analidi, muyerekeze ndi pomwe nyemba zija zinaikidwa. Timapepala tonse musunge kuti muwerengere limodzi. Ulendo wotsatira sinthanani mbali, ndipo amene wagonja ndi amene asankhe malo omenyerapo.