Phunziro la Chitukuko: Dedza Amalima, Nanga Phindu Limatsalira Kuti?

Aliyense amene anadutsapo pa msewu wa M1 nyengo yokolola amadziwa zimene zimachitika pa Bembeke ndi pa Chimbiya. Ndowa za mbatatesi zimandandalikidwa m'mbali mwa msewu, matumba amaunjikidwa kudikira malole, ndipo dzuwa likamapendeka mlimi amavomera mtengo umene anaukana m'mawa. Sikuti ndi wopusa ayi, koma amadziwa kuti mbatatesi ndi matimati sizidikira munthu. Patangopita masiku owerengeka, mbatatesi yomweyo imagulitsidwa ngati tchipisi ku Lilongwe ndi ku Blantyre pa mtengo umene iye sanaulote n'komwe. M'phunziro lino tiona chuma chimene boma lathu lili nacho, chifukwa chimene phindu lake lambiri limathera kwina, ndi zimene tingatolepo kuchokera ku boma lina la alimi la m'dziko la Turkey.

Chuma chimene tili nacho

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'boma la Dedza muli anthu 830,512, ndipo ambiri mwa iwo amadalira khasu. Boma lathu linadalitsika chifukwa lili ndi madera atatu osiyana nyengo. Kumapiri, monga ku Bembeke ndi kuzungulira tawuni ya Dedza, yomwe ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kumazizira, ndipo n'komwe kumachokera mbatatesi, kabichi, matimati ndi mapichesi. M'madera a Lobi, Linthipe ndi Chafumbwa mumachita bwino chimanga, nyemba, soya, mtedza ndi fodya. Kunsi kwa mapiri, ku Mtakataka ndi ku Golomoti, kumatentha, ndipo kumeneko kuli sikimu ya mthirira ya Bwanje Valley, ya mahekitala 800, yomwe inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan ndipo imadziwika ndi mpunga.

Njira zotulutsira katundu nazo sizisowa. Msewu wa M1 umatifikitsa ku Lilongwe pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85, msewu wa M5 ndi njanji zimadutsa kunsi kwa mapiri, ndipo chipata cha Dedza chimatilumikiza ndi dera la Angonia ku Mozambique. Kuyambira chaka cha 2022, ku Golomoti kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20. Tilinso ndi nkhalango za paini ku Chongoni ndi pa phiri la Dedza, komanso dothi labwino limene kampani ya Dedza Pottery yakhala ikuumbira ziwiya kuyambira 1987.

Chitsanzo cha mbiya chimenechi chili ndi phunziro. Dothi likakumbidwa n'kugulitsidwa lokha mtengo wake ndi wochepa, koma likaumbidwa ndi kuwotchedwa kuno konkuno limalemba anthu ntchito ndipo limakopa alendo. Tsoka lake n'lakuti zokolola zathu zambiri zimatuluka m'boma muno zisanasinthidwe ngakhale pang'ono. Soya amapita kukayengedwa kwina, ndipo amabwerera ngati mafuta ophikira ndi chakudya cha nkhuku zimene timagula modula.

Zimene anachita a ku Çumra

Çumra ndi boma la m'chigawo cha Konya, pakati pa dziko la Turkey. Monga mmene ife tilili ndi zojambula zamakedzana za ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006, iwonso ali ndi Çatalhöyük, mudzi wa alimi akalekale, umene unalowa pa mndandanda womwewo mu 2012. Koma pa nkhani ya mvula ife tili pabwino. Dera lawolo ndi louma, ndipo ulimi wake unakula chifukwa cha ngalande zimene zinakumbidwa zaka zoposa 100 zapitazo kuti zibweretse madzi kuchokera ku nyanja ya Beyşehir.

Alimi a kumeneko amalima tirigu, chimanga, nyemba ndi mbewu yotchedwa sugar beet, yomwe muzu wake amapangira shuga. Chimene chinasintha moyo wawo si kulima kokha ayi. Kudzera m'makopaletivi awo, alimi a mbewu imeneyi ndi amene ali eni ake aakulu a kampani ya Konya Şeker, yomwe inatsegula fakitale ya shuga ku Çumra mu 2004. Lero kampaniyi imapanganso mabisiketi, chokoleti, zakudya za mkaka, chakudya cha ziweto ndi mbatatesi yodula kale yosungidwa mozizira. Mlimi amadziwiratu kumene adzagulitse asanabzale, zotsalira za m'fakitale zimadyetsa ng'ombe, ndipo ana a alimi amapeza ntchito kufupi ndi kwawo.

Komabe sitingatengere zonse. M'chigawo cha Konya alimi anapopa madzi a pansi pa nthaka mopyola muyeso, moti m'madera ena, makamaka ku Karapınar, nthaka imagumukira pansi n'kusiya maenje aakulu pakati pa minda. Kwa ife chenjezo ndi lomweli: tikamaliza mitengo ya m'mapiri ndi kulima mpaka m'mphepete mwa mitsinje ya Linthipe ndi Diamphwe, mthirira umene tikuudalirawu udzatithawa.

Poyambira pathu

Masomphenya a Malawi 2063 akunena za ulimi wa bizinesi, mafakitale ndi kukula kwa matawuni. Ena akamva mawu oti fakitale amaganiza za nyumba zazikulu zofuka utsi, koma tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Pali zinthu zinayi zimene wodi iliyonse ingayambe popanda kudikira munthu wochokera kutali.

Choyamba ndi kugulitsa pamodzi. Mlimi wa matumba 10 salimbana ndi venda pa mtengo, koma kopaletivi yolembetsedwa mwalamulo ya matumba 1,000 imakambirana ndi wogula wamkulu maso ndi maso.

Chachiwiri ndi kusunga. Nyemba, soya ndi mtedza zikauma bwino zingathe kudikira mpaka mtengo utakwera. Mbewu ya mbatatesi imasungika m'nkhokwe yopita mphepo ndi yolowa kuwala pang'ono, ndipo alangizi a zaulimi angatisonyeze kamangidwe kake.

Chachitatu ndi kusankha ndi kuyeza. Mbatatesi yaikulu ikhale payokha, yaing'ono payokha, ndipo tigulitse pa sikelo yovomerezeka m'malo mwa thumba losokerera mutu limene limadyera mlimi masuku pamutu.

Chachinayi ndi kusintha zokolola kukhala katundu wina: kupuntha ndi kupakira mpunga wa ku Bwanje, kuyenga mafuta, kupera chiponde, kupanga jamu wa mapichesi. Katundu wotere amafuna ukhondo ndi chiphaso cha Malawi Bureau of Standards kuti alowe m'masitolo akuluakulu.

Zonsezi zimafuna misewu yodutsika nthawi ya dzinja, magetsi ndi mashedi a m'misika. Zinthu zimenezi zimalowa m'mapulani a khonsolo zikayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, n'kupita ku komiti ya m'dera, kenaka kwa khansala. Mudzi umene sukhala pansi kulemba zosowa zake umadzadabwa chitukuko chikupita kwa anzawo.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa m'mudzi

1. Kodi ndi mbewu iti imene imationongekera kwambiri tikakolola, ndipo n'chifukwa chiyani?
2. Kodi m'dera lathu muli kopaletivi kapena kalabu ya alimi? Ngati inafa, chinaipha n'chiyani?
3. Ndi katundu uti amene timagula m'sitolo pamene zopangira zake timalima tokha?
4. Ndi mtsinje kapena nkhalango iti imene tiyenera kuiteteza chaka chino?

Mukakambirana, lembani mfundo zimene mwagwirizana ndipo muzipereke kwa khansala wa wodi yanu kapena kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu mvula isanagwe.